Ndinali Maso a Ba Otto

Ana anga, Chisomo ndi Madalitso, mwandifunsa kambirimbiri chifukwa chimene ndinakanira umanijala ku Ndola, mpaka inu kukulira m'zipinda ziwiri kuno ku Matero, mu Lusaka, anzanu akusamukira kumayadi. Mayi anu mukawafunsa amangoti, "Kafunseni Mjeremani." Mjeremaniyo anapita kale, ndiye woyankha ndine. Ndikulemba m'Chichewa cha agogo anu amene anachoka ku Dedza kudzafuna ntchito kuno, osati Chinyanja chanu chothamanga chija mumandiyankhira pa foni. Mukavutika nacho, limbikirani, inenso ndinalimbikira ndi chilankhulo cha eni ake.

Ku wekishopu, m'zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali pa kampani yokonza makina a m'maofesi, kumafakitale uko mukamapita ku Kanyama. Ndinayamba ndi makina otayipira, kuwapukuta, kuwathira mafuta ndi kuwongola timikono ta zilembo tikapindika. Kapitawo wathu anali ba Otto, Mjeremani wamkulu thupi, wofiira nkhope, amene anabwera m'dziko muno ndi a mpingo kudzaphunzitsa ntchito zamanja n'kuiwala kubwerera. Anakwatira ba Esnart, namwino wa ku Petauke, n'kumanga nyumba ku Lilanda. Mtima wawo unali wapachala. Ankakalipira sikuluu ikakana kumasuka, ankakalipira magetsi akazima, ankakalipira ngakhale tiyi akazizira, koma munthu sankamusungira mangawa. Chinyanja ankachilankhula cha m'komboni chenicheni, moti ukamawamva uli kuseri kwa chitseko sukanadziwa kuti ndi mzungu.

Chuma chawo chinali magazini ya makompyuta ya m'Chijeremani imene inkabwera pa positi. Inkafika mochedwa, nthawi zina itanyowa, nthawi zina ziwiri pamodzi, koma tsiku lomwe yafika ba Otto sankakalipira munthu. Dzina lake ife lilime linkakana, ndiye tinangoitcha Ba Jaji. Chifukwa chake n'chakuti kumapeto kwa nkhani iliyonse kunkakhala bokosi la chigamulo: makina abwino ankapatsidwa timitanda, oipa timizere, ndipo zimenezi ngakhale wosadziwa chilankhulo ankaziona. Makina achilendo akalowa pakhomo, anyamata ankafunsa kuti, "Ba Jaji bakamba chani?"

Mbiri ya Ba Jaji tinaimva mpaka kutopa nayo. Ba Otto ankati magaziniyo inayamba yopyapyala, ya anthu okonda kumanga okha makompyuta pa tebulo lodyera akazi awo akudandaula. Olemba ake sanali atolankhani wamba, anali amisiri a manja akuda ngati ife. Makina ankawatsegula m'mimba, kuwathamangitsa usana ndi usiku mpaka aulule matenda awo onse, ndipo pokhapo ankalemba. Kampani ikhoza kulipira tsamba lathunthu lodzitamandira, koma tsamba lotsatira Ba Jaji n'kuigamula kuti katundu wake ndi wachabechabe. Chimene ba Otto ankachinyadira kwambiri n'chakuti akalakwitsa ankavomera okha m'kope lotsatira, poyera, popanda kuzemba. Ankati kwawo munthu wanzeru sagula kompyuta asanamve Ba Jaji. Kaya zinali zoona kaya kunali kukonda kwawo, ine ku Jeremani sindinapondeko.

Inu simudziwa kusowa kwa zaka zimenezo. Sopo wa pamzere, mafuta ophikira a pamzere, ndipo zipangizo za makina ngakhale mzere wake kunalibe. Makompyuta oyamba atafika m'maofesi akuluakulu m'tauni, akawonongeka panalibe kowatumiza kapena koitanitsa chosinthira. Ankawabweretsa kwa ife atawakulunga m'bulangete. Apa ndi pamene Ba Jaji anatidyetsa, chifukwa ankajambula njira zonse za magetsi m'kati mwa makina n'kufotokoza poyeza ndi pochotsa. Vuto linali limodzi. Ba Otto manja onse awiri ankakhala m'mimba mwa kompyuta, lina litagwira chowotcherera mtovu, lina waya, maso ali momwemo, ndiye magazini akanaigwira ndi chiyani? Tsiku lina anayang'ana uku ndi uku, n'kupeza ine ndili pafupi.

"Iwe Laston, belenga apa."

Ndinawauza kuti Chijeremani sindichidziwa. Anati sanandifunse zodziwa, andiuza zowerenga, zilembo ndi zomwe zija ndinaphunzira kusukulu. Abale inu, mawu ake kutalika ngati sitima ya katundu! Ndinayamba liwu loyamba, ndisanafike pakati mpweya unatha, wekishopu yonse inagwa ndi kuseka. Ba Otto anati ndikumveka ngati mbuzi yotafuna pepala la pulasitiki. Koma sanandisiye. Kuyambira tsikulo nthawi ya nkhomaliro inali sukulu. Anzanga akudya mabanzi panja, ine ndili pa benchi, iwo akutchula liwu, ine ndikubwereza, iwo akuti, "Iyayi, futi," kutanthauza kuti ndibwerezenso, mpaka kukhosi kuwawa. Patapita zaka ndinkatha kuwerenga tsamba lonse osapunthwa. Kumva ndinkangomva mawu a ntchito, monga a waya, moto ndi kutentha, ndi mawu amene Ba Jaji ankagwiritsa ntchito akakwiya. Zotsalazo zinkangodutsa pakamwa panga kupita m'makutu a ba Otto.

Kabwe ndi kubwerera, m'zaka za m'ma 1990

Kampani inanditumiza ku Kabwe kwa kanthawi, pansi pa bwana wina amene ankakhulupirira kuti makina alionse amachira ukawamenya kumbali. Za iyeyo ndisataye inki. Ba Otto ankanditumizira makope akale pa basi, atamangidwa ndi waya, kuti lilime lisaume. Ndinkawerenga ndekha mokweza m'chipinda changa, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana anakauza anthu kuti mnyamata wa ku Lusaka uja amapemphera m'malilime.

Nditabwerera ndinapeza Ba Jaji atanenepa. Magazini inali itakhuthala, ndi disiki yomatidwa pachikuto, chifukwa makompyuta anali atalowa m'nyumba za anthu wamba ku Jeremani. Kuno nako anayamba kufika ambiri, ogwiritsidwa kale ntchito, ngati zovala za kaunjika zimene kuno timati salaula. Wamalonda wina anabweretsa makina onyezimira kuti kampani yathu iziwagulitsa, mabwana onse atagwa nawo m'chikondi. Ba Otto anafukula m'mulu wa magazini, ine ndinawerenga, ndipo bokosi la chigamulo linali timizere tokhatokha. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mabwana ananyinyirika koma sanagule, ndipo amene anagula kwina tinkawaona akubwera nawo m'mabulangete.

Sikuti Ba Jaji ankadziwa zonse ayi. Fumbi la ku Kanyama sankalidziwa. Mphemvu zomanga mudzi m'kati mwa kompyuta sanazionepo, kapena magetsi obwera ndi ukali atazima tsiku lonse. Ndinkawaseka ba Otto kuti Jaji wawo akanabwera kuno mwezi umodzi akanatula pansi udindo. Iwo ankayankha kuti Ba Jaji amagamula zimene aona ndi maso, zimene sanaone sakambako, ndipo n'chifukwa chake ukhoza kuwakhulupirira. M'zaka zimenezi ndi mmene ndinakwatira mayi anu. Ba Otto anabwera ku ukwati atavala suti yowathina, n'kuvina mpaka azimayi a ku mpingo anachita kugwirana ndi kuseka.

Lilanda, m'zaka za m'ma 2000

Ba Otto anapuma ntchito ali ndi matenda a shuga, ndipo ukapitawo wawo unagwera ine. Poyamba ndinkapita kukawaona kawirikawiri, kenaka mwa apo ndi apo, monga mudziwa mmene ntchito imamezera munthu. Ndinaona kuti magazini ayamba kuigwirira pafupi ndi mphuno, koma ndinangoti ndi ukalamba. Tsiku lina masana ba Esnart anafika ku wekishopu. Sanakhale pansi, ndipo moni anayankha mwachidule.

"Ba Mbewe, muzungu wanga afa ali moyo."

Anandiuza kuti maso anatheratu, madokotala agwa mphwayi. Munthu uja wokalipira sikuluu tsopano ankangokhala pakhonde, osalankhula, chakudya akungochigwiragwira. Magazini zinkabwerabe koma zinkaunjikana pakona zili m'mapulasitiki ake. Iwo anayesa kuwawerengera, koma liwu loyamba lomwe linawagonjetsa. Mwana wa mlongo wa ba Esnart anaika pa kompyuta pulogalamu yowerenga yokha mokweza, ba Otto anamvera pang'ono n'kulamula kuti azimitse, ati chinthu chosayankha ukachitsutsa si chocheza nacho. Ndiye panali nkhani ina yoopsa kuposa apa. Ba Otto anali ndi mwana wamkazi ku Jeremani, Katrin, wa banja lawo loyamba, amene anakula bambo ake ali kuno. Iyeyo atamva mawu a bambo ake pa foni anati basi, awatenga akawaike kunyumba yosungira okalamba kumeneko. Ba Esnart pa msinkhu wawo sakanatha kukayamba moyo kudziko lozizira la chilankhulo chachilendo. Akanapita ba Otto, ukwati wa zaka zonsezo ukanathera pa bwalo la ndege.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Lilanda. Ndinawapeza pakhonde ataonda, ndevu zosameta. Sindinawafunse za matenda. Ndinatenga magazini ya pamwamba, kung'amba pulasitiki, n'kuyamba nkhani ya mapulinta. Ndime yachiwiri ndinapunthwa pa liwu lina latsopano, ndipo ndinamva ba Otto akuti, "Iyayi, futi." Tisanafike pa bokosi la chigamulo anali atayamba kale kukangana ndi Ba Jaji, akumenya mkono wa mpando, ati pulinta imeneyo aikomera mtima. Ba Esnart anabweretsa mbatata ndi tiyi, ndipo anadya osazindikira kuti akudya. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse masana linali la ku Lilanda. Thupi linabwerera, kukalipa kunabwerera, mpaka ba Esnart anati mwina ndawachiritsa mopitirira.

Chaka cha Ndola

Zinthu ziwiri zinafika mwezi umodzi. Bwana wamkulu wa kampani, ba Mulenga, anandiitana mu ofesi n'kundiuza kuti akutsegula nthambi ku Ndola ndipo manijala wake ndine, nyumba ya kampani ndi galimoto zili pomwepo. Sabata yomweyo Katrin anaimba foni ku Lilanda kuti akubwera nyengo yozizira kudzatenga bambo ake, chipinda wachipeza kale.

Mayi anu anavina nditawauza za Ndola, ndipo anasiya kuvina nditawauza zimene zinali mumtima mwanga. Musawaweruze. Denga lathu linkadontha, inu munali kukula, Chisomo akugona pabalaza. Anandifunsa ngati Mjeremaniyo anali bambo anga ondibala. Anandifunsanso funso limene linandisowetsa tulo: nanga nditakana Ndola, mwana wawo n'kubwera n'kuwatengabe, ndidzakhala ndapindula chiyani? Chimene ndinkadziwa n'chakuti ndikachoka, Katrin adzapeza nkhalamba yakhungu yongokhala chete pakhonde, ndipo aliyense wamaso adzati aitenge.

Ndinakawauza ba Otto, ndikuganiza kuti mwina andithandiza kusenza. Anandikalipira ngati kale ku wekishopu. Anati sanandiphunzitse ntchito zaka zonsezo kuti ndithere pakhonde la munthu wakufa, ndipite ku Ndola ndisakhale chitsiru. Analankhula mokweza mpaka agalu a kwa aneba anauwa. Koma nthawi yonseyo magazini anali ataigwira ndi manja awiri pachifuwa, ndipo nditatsanzika anaiwala kundiuza kuti ndiyende bwino.

Lolemba ndinakawauza ba Mulenga kuti sindipita. Anavula magalasi n'kundifunsa ngati ndapeza ntchito kwina. Nditafotokoza, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti mwayi wotere subwera kawiri, ndipo sananame, sunabwerenso. Mayi anu anakhala masiku angapo akundipatsa chakudya osandiyang'ana. Loweruka lotsatira ndikuvala nsapato, anaika patebulo kambale ka chikanda, chakudya chija cha chinaka ndi mtedza, n'kunena kuti ndikawapatse ba Esnart, ndipo mbaleyo ibwerere. Sindikuuzani kuti ndinachita zanzeru. Inunso munalipira nawo, osafunsidwa, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero.

Kubwera kwa Katrin

Katrin anafika mwezi wa mphepo. Anali mayi wamtali, wamagalasi, wosaseka wamba, ndipo ankalankhula nafe m'Chingerezi mwaulemu koma mwachidule. Anaona zonse: madzi osatuluka pampopi, msewu wa maenje, mtunda wa ku chipatala. Sanali munthu woipa. Anakula wopanda bambo, ndipo tsopano ankafuna kuti mwina awasamale ngakhale kumapeto. Matikiti anabwera nawo awiri. Lachisanu anauza ba Esnart kuti nkhani yatha, anyamuka sabata yamawa. Ba Otto sanatsutse, chifukwa pamaso pa mwana amene anamusiya analibe pakamwa. Ba Esnart ananditumizira uthenga kuti ndibwerebe Loweruka, ndidzawerenge komaliza.

Ndinapita. Ndola ndinali nditataya kale, ndipo tsopano ndinkataya ndi munthu yemwe. Ndinawapeza pakhonde, Katrin ali m'chipinda akulongedza zovala zawo m'sutikesi. Ndinatsegula kope latsopano, nkhani ya makompyuta a m'manja, n'kuyamba. Ba Jaji atayamikira makina ena amene ba Otto ankawada, ukali unawagwira, anayamba kutsutsa, ine ndikupitiriza, iwo akundidula. Tili m'kati mwa mkanganowo ndinamva kuti kumbuyo kwanga kwaima munthu. Anali Katrin, atagwira malaya a bambo ake m'manja. Anandipempha kuti ndibwereze mzere umene ndinali nditangowerenga. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa, ndipo ndinabwereza mwamanyazi.

Mayi uja anaseka. Anaseka mpaka anakhala pansi pa sitepe, kenaka kuseka kuja kunasanduka kulira, nkhope ataikwirira m'malaya aja. Atapezako mpweya anandiuza kuti ndimalankhula ngati agogo ake aakazi. Chijeremani chimene chinkatuluka pakamwa panga sichinali cha m'tauni kapena cha pa wailesi, chinali cha kumudzi kwa ba Otto kumapiri, katchulidwe ka alimi kamene iye anakamva komaliza ali mwana, pa miyendo ya agogo akewo. Bambo ake akamalankhula naye pa foni ankaumitsa lilime n'kulankhula cha kusukulu, ngati akulankhula ndi mlendo. Cha kwawo chenicheni anachipereka kwa ine, mwana wa ku Matero, pa benchi ya wekishopu, ine osadziwa. Ba Otto nkhope inafiira, n'kung'ung'udza m'Chinyanja.

"Nanga nenze kumuphunzisa cha ndani? Nili chabe na chimozi."

Katrin anandifunsa ngati ndimamva zimene ndimawerenga. Ndinati pang'ono chabe, za mawaya. Anafunsa kuti nanga ndimavutikiranji Loweruka lililonse. Ndinati ine ndimawerenga, akumva ndi iwowo, takhala tikugwira ntchito choncho kuyambira kale. Za Ndola sindinanene, anamuuza ndi ba Esnart pambuyo pake. Kenaka anatembenukira kwa bambo ake n'kulankhula nawo, ndipo iwo anamuyankha m'Chijeremani chomwe chija cha pa benchi. Ine ndi ba Esnart tinanyamuka mwakachetechete kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri. Analankhula mpaka dzuwa linapendeka, pena mokweza, pena molira. Zimene anakambirana sindikuzidziwa, munalibe mawu a mawaya.

Sabata yotsatira Katrin anakwera ndege yekha. Zovala zija anazibwezera yekha m'kabati.

Masiku ano

Ba Otto anakhala nafe zaka zina zingapo, akukalipira Ba Jaji Loweruka lililonse, ndipo Katrin ankabwera chaka ndi chaka ndi ana ake. Anamwalira m'nyumba yawo ku Lilanda, dzanja lili m'manja mwa ba Esnart, ndipo tinawaika ku manda a Chingwere pakati pa anthu awo. Magazini ija masiku ano yaondanso, poti anthu amawerengera pa intaneti, ndipo zambiri zimene imakamba ngakhale ine wa ntchito yake zandipitirira. Koma timitanda ndi timizere tikadalipo, ndipo ikalakwitsa imavomerabe.

Maliro atatha ndinkaganiza kuti basi, ntchito yanga yatha. Patapita miyezi iwiri, ku positi kunafika kope latsopano lili ndi dzina langa. Loweruka lake masana foni inalira, nambala ya kunja. Anali Katrin. Anafunsa za mayi anu ndi za ba Esnart, kenaka anafunsa ngati magazini imene anandilipirira yafika komanso ngati ndili ndi kanthawi.

Mpaka lero amaimba mwezi uliwonse. Ndimakhala pakhonde, magalasi pamphuno, foni pakhutu, n'kumawerenga za makina amene sindidzawaona. Iye za makompyuta alibe nazo ntchito, ndipo sanandifunsepo kuti Ba Jaji agamula zotani. Ndikafika kumapeto kwa tsamba n'kuima, iye amati, "Pitirizani, ba Mbewe."